Akuti mpira wa mwana wanga sukhota, kodi angosiya kiriketi?

Atate_a_Mada:
Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhawa, mundigawireko nzeru. Mnyamata wanga ali ndi zaka 14, wakhala akusewera kiriketi kusukulu kwa zaka zitatu, ndipo iyeyo gawo lake ndi loponya. Loweruka lapitali amasankha timu ya anyamata osapitirira zaka 15, iye amusiya. Aphunzitsi awo amasewero amuuza pamaso pa anzake kuti ali ngati mleme, si mbalame si mbewa: kuti akhale woponya wa liwiro akuchepa mphamvu, kuti akhale wa sipini mpira wake sukhota ukagunda pansi, umangopita chowongoka. Mwana wafika kunyumba nsima osaikhudza. Ine kiriketi sindiidziwa, ndinakulira chikulunga ku Ndirande. Inu odziwa, mpira wosakhota ndiye kuti basi palibe tsogolo?

Manoma_Mpaka_Kale:
Bambo, mugulireni jombo mwanayo azikamenya chikopa. Masewero otha masiku asanu kenako n'kumati palibe wapambana, amenewo ndi masewero kapena maliro?

Nachisale265:
A Manoma, munthu wabwera ndi nkhani ya mwana wake, inu mwayamba kale zanu. Timu yanuyo ngakhale itapatsidwa masiku asanu singagoletse.

Gogo_Wiketi:
Atate a Mada, pepani ndi zomwe zachitikazo. Ndisanayankhe ndifunseko ziwiri. Mnyamatayo ndi wamtali? Nanga omenya akamatuluka pa mpira wake amatuluka bwanji, amagwidwa kutali m'malere, kapena mpira umawapeza pamwendo ndi pamitengo?

Atate_a_Mada:
Ndi wamtali ndithu agogo, ine wandipitirira kale. Ndamufunsa, akuti ambiri umawagunda pamwendo kapena kugwetsa mitengo. Amavalanso magalasi, mwina nazonso zikumuchotsera mamalikisi.

Gogo_Wiketi:
Ha! Wamtali, wamagalasi, mpira wosakhota, anthu akugwa ndi mwendo. Mwangondifotokozera Anil Kumble ali mnyamata. Khalani pansi ndikuuzeni.

Kumble anabadwira ku Bangalore pa 17 October 1970. Anayamba ngati woponya wa liwiro, kenako n'kusinthira ku leg spin, koma liwiro lija silinamuchoke m'dzanja. Anali mwana wasukulu weniweni, anaphunzira uinjiniya wa makina, ndipo pomwe ankalowa mu timu ya India mu 1990 anali ndi magalasi ake kumaso ngati kalaliki wa kubanki. Test yake yoyamba (masewero a masiku asanu a pakati pa mayiko) inali ku Old Trafford, Manchester, masewero omwewo omwe Sachin Tendulkar anamenya 100 yake yoyamba. Anthu anaona Tendulkar, Kumble sanamuone. Atabwerera kwawo anamusiya kunja kwa timu pafupifupi zaka ziwiri, ndipo nyimbo inali yomweyi mwaimva Lowerukayi, yoti mpira wake sukhota.

Munthu ameneyo anapuma mu 2008 ali ndi mawiketi 619, kutanthauza omenya omwe anawatulutsa, m'ma Test 132. Mpaka lero palibe Mmwenye wina wafikapo. Padziko lonse amene ali pamwamba pake ndi atatu okha: Muttiah Muralitharan 800, Shane Warne wa ku Australia 708, James Anderson 704.

Chinsinsi chake n'chakuti bati ndi kathabwa kopapatiza. Kuti womenya aphonye pakati pa bati n'kugunda m'mphepete, mpira sufunika kukhota mkono wathunthu, chala chimodzi chakwana. Kumble ankauponya kuchokera pamwamba, dzanja litaima njo, akuupiringiza chakutsogolo, ndiye ukagunda pansi umafulumira n'kudumpha kuposa momwe womenya amayembekezera. Wina umadumpha kufika pachifuwa, wina umangokwawa. Ndipo yonse ikulunjika pamitengo. Ukaphonya kamodzi, wapita. Anzake ankamutcha Jumbo chifukwa cha kadumphidwe komweko, ngati ndege ikunyamuka.

Warne_Ndi_Mfumu:
Madala, ulemu wanu, koma apa mwakometsa. Kumble anaponya mipira 40,850 m'ma Test. Munthu aliyense akaponya mipira yochuluka choncho mawiketi abwera basi, ngakhale wogenda mango amagwetsa ena. Ndiye taonani komwe anawatengera: 350 kwawo ku India, pamabwalo omwe ankawakonza dala kuti aziphwanyika ngati chigumu chouma. Kwawo wiketi iliyonse inkamudyera maranzi (zigoli za omenya) pafupifupi 25, kunja pafupifupi 36. Mu 1997 ku Colombo Sri Lanka inamenya 952, iye anapereka maranzi 223 n'kupeza wiketi imodzi. Warne ankakhotetsa mpira paliponse, ngakhale pa simenti. Musamunamize mwana.

Gogo_Wiketi:
Manambala anuwo ndi oona, sindikutsutsa ngakhale imodzi. Koma mipira 40,850 sapatsa munthu ngati mphatso ya Khirisimasi. Kaputeni amakupatsa mpira chifukwa akudziwa kuti ukaugwira, mbali yakoyo yatsekeka. Akaputeni onse, kuyambira Azharuddin mpaka Dravid, zikavuta ankayang'ana kwa yemweyo. Za ku Colombo, bwalo limenelo linali msewu wa tala, Sanath Jayasuriya yekha anamenya 340. Warne akanapita kumeneko akanabwerako ndi nkhope yomweyo.

Mlamu_wa_ku_Joni:
A Warne, nkhani yoti kunja ankalephera muiwonjezere mchere pang'ono. Kuno ku Johannesburg, pa Wanderers, mu 1992 anatenga 6 kwa maranzi 53, pabwalo lomwe oponya a sipini amangobwera kudzaothera dzuwa. Komanso phewa lake litachitidwa opaleshoni mu 2001 anabwera ali munthu wina. Anaphunzira kuchedwetsa mpira m'malere, googly yake inakhwima. Ku Australia 2003 mpaka 2004 anatenga mawiketi 24 m'ma Test atatu okha, ku Sydney 8 mu inning'i imodzi (ulendo umodzi wa timu womenya). Kumeneko ndi kwawo kwa mfumu yanuyo. Ndipo mfumuyo ikapita ku India inkabwerako italira, funsani zomwe Tendulkar anaichita ku Chennai mu 1998.

Warne_Ndi_Mfumu:
8 ija ya ku Sydney anapereka maranzi 141, musaiwale kutchula.

Mlamu_wa_ku_Joni:
Sindinaiwale aise, ndimangokusiyirani kuti nanunso mukhale ndi cholemba.

MaiChisomo_Area25:
Pepani ndikubwezeni m'mbuyo. Ine mwana wanga wamkazi wangoyamba kumene masewerowa, ndiye ndikungomva LBW, googly, leg spin, mutu ukuzungulira. Wina atimasulire ngati akufotokozera agogo akumudzi.

Aphunzitsi_Dedza:
Mayi, tiyese motere. Kumbuyo kwa womenya kuli timitengo titatu. Woponya akufuna kutigwetsa. Womenya amaloledwa kutiteteza ndi bati, osati ndi thupi. Mpira ukamugunda pamwendo pomwe ukanakagunda mitengo, woyimbira amakweza chala, watuluka. Imeneyo ndiye LBW, ngakhale ili ndi timalamulo tina tomwe timayambanitsa anthu pachibale. Leg spin ndi kupotokola mpira ndi mkono ndi chala chachinayi kuti ukagunda pansi uthawe womenya wa dzanja lamanja. Googly ndi bodza lake: dzanja likuoneka ngati likuchita zomwezo, koma mpira ukubwerera mkati. Ova ndi mipira 6. Kumble anatulutsa anthu 156 ndi LBW m'ma Test, ndiye mukuona kuti mwendo wa womenya unali munda wake.

MaiChisomo_Area25:
Zikomo aphunzitsi. Ndiye googly tingoti mpira wachiphamaso.

Chipata_Boy:
Kuno timangoti "yamudya". Kaya ndi googly kaya ndi chani, yamudya basi.

Gogo_Wiketi:
Popeza a Warne akufuna umboni, ndikuuzeni za tsiku lomwe ndinaona ndi maso angawa. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yolemba katundu pasitolo ina ya Amwenye ku Limbe, ndipo abwana anali ndi dishi kunyumba. Linali Lamulungu, pa 7 February 1999. Anandiitana kuti ndikawerengere nawo mabuku, koma mabukuwo sitinawatsegule n'komwe.

India inkasewera ndi Pakistan ku Feroz Shah Kotla, Delhi. Muzikumbukira kuti mayiko awiriwa anali atatha zaka pafupifupi 9 osakumana pa Test, ndipo masewero oyamba ku Chennai Pakistan inapambana ndi maranzi 12 okha, Tendulkar atamenya 136 msana ukumupweteka. Ndiye ku Delhi India ikanagonjanso kapena kulepherana, manyazi ake akanakhala osasimbika. Pakistan inkafunika 420. Saeed Anwar ndi Shahid Afridi anayamba ngati akusewera ndi ana, anafika 101 popanda wotuluka. M'nyumba muja munali zii, tiyi anazizira m'makapu. Kumble anali ataponyako m'mawa osapeza kanthu. Atadya nkhomaliro anamusinthira mbali ina ya bwalo.

Afridi anagwidwa kumbuyo ndi Nayan Mongia. Mpira wotsatira womwewo Ijaz Ahmed, mwendo. Inzamam mitengo inagwa. Yousuf Youhana mwendo. Moin Khan anagwidwa ndi Ganguly. Anwar, yemwe anali atakakamira pa 69, anagwidwa ndi Laxman pafupi penipeni ndi bati. Apo 6 onse ndi a munthu mmodzi, abwana anayamba kuyendayenda m'chipinda ngati nkhuku yofuna kuikira. Saleem Malik ndi Wasim Akram anakanirira kwa kanthawi, kenako Malik mitengo inagwa. Mushtaq Ahmed ndi Saqlain Mushtaq anatsatana pa mipira iwiri. Womaliza anali Akram, anagwidwanso ndi Laxman. Pakistan yonse 207, India yapambana ndi 212. Kumble maova 26.3, maranzi 74, mawiketi 10.

Izi zisanachitike anali atazichitapo munthu mmodzi yekha, Jim Laker wa ku England mu 1956. Kuchokera apo wawonjezerapo mmodzi, Ajaz Patel wa New Zealand mu 2021, ndipo mwa zodabwitsa anazichita kwa India yomweyo, ku Mumbai komwe anabadwira.

Atate a Mada, werengani bwino mndandandawo. Atatu mwendo, awiri mitengo, otsalawo ambiri anagwidwa chapafupi mpira utawadumphira. Palibe mpira wamatsenga wokhota kuchokera kuno kukafika uko. Abwana tsiku limenelo anandipatsa thumba la mpunga, chinthu chomwe sichinachitikenso mpaka ndinapuma ntchito.

Warne_Ndi_Mfumu:
Nkhani yokoma madala, koma mwadumpha ziwiri. Woyimbira yemwe anakweza chala kumbali ya Kumble, A.V. Jayaprakash, anali wa ku Karnataka kwawo komweko. Afridi mpaka anachedwa kuchoka pabwalo, sanakhutire. Chachiwiri, atafika 9, Javagal Srinath ankaponya dala kutali ndi mitengo kuti asatenge wiketi yomaliza. Ndiye 10 imeneyo ndi yopatsidwa pambale.

Nachisale265:
Ndiye mnzako akakhala pa 9 iwe ungamulande? Anthu ngati inu ndi amene mumadya ndiwo za mwana pa tsiku lake lobadwa.

Gogo_Wiketi:
Za Srinath ndi zoona, ndipo palibe amabisa. Koma 9 zoyambazo anamupatsa ndani? Ndipo taganizani, munthu woponya wa liwiro wamkulu wa dziko, wonyadira ntchito yake, kulolera kuoneka ngati sadziwa kuponya chifukwa cha mnzake. Awiriwa anachokera dera limodzi. Mu 1996 ku Bangalore ndi omwewa anapulumutsa India kwa Australia ndi bati, timu itatsala pang'ono kugonja, makamera akungoonetsa amayi ake a Kumble ali m'gulu la oonerera. Za woyimbira, masiku amenewo kunalibe zoti osewera apemphe kuti chigamulo chiunikidwenso pa kanema, Test iliyonse inkakhala ndi woyimbira mmodzi wa dziko lomwelo, ndipo aliyense ankadandaula akapita kwa mnzake. Ya Afridi tingakangane mpaka mawa. Mitengo ya Inzamam sinagwetsedwe ndi chala cha woyimbira.

Manoma_Mpaka_Kale:
Ndiye nawonso ali ndi nkhani za maleferi okondera? Ndayamba kuwakonda masewerowa.

Kabaza_Wa_Degree:
Ine ndimafuna kuonera kanema wake koma magetsi athima kuyambira 5 koloko m'mawa, foni ili pa 11. Wina andiuze ngati ndi wautali.

Nachisale265:
Waufupi ulipo, koma bandulo yake samalani. Kwathu kuno abwera 2 koloko usiku, ndinadzuka kusita ngati mfiti.

Chipata_Boy:
Inu mukudandaula? Bwerani kuno mudzaone, mufiriji tinayamba kusungamo mabuku.

Mlamu_wa_ku_Joni:
Tibwerere ku kiriketi abale. Atate a Mada, mwanayo mukamuonetsenso chithunzi cha ku Antigua mu 2002, India ikusewera ndi West Indies. Kumble akumenya, mpira wa Mervyn Dillon unamuphwanya chibwano. Analavula magazi n'kupitiriza kumenya. Atapimidwa anapeza kuti fupa lathyoka, ndipo anakonza zoti abwerere ku India kukachitidwa opaleshoni. Asananyamuke anatuluka m'chipinda mutu wonse atakulunga bandeji, kuzungulira chibwano mpaka pamwamba, n'kuponya maova 14 motsatizana. Anatulutsa katswiri womenya wa West Indies, Brian Lara, ndi LBW. Brian Lara! Umenewo ndiye mtima womwe mwana akufunika.

Namwino_Zomba:
Achimwene, apa ndiye ndikutsutsani, ndipo ndikutsutsani monga munthu amene ndimalandira ana ovulala. Chithunzi chimenecho n'chokongola pakhoma, koma si phunziro la mwana wa zaka 14. Munthu wothyoka chibwano wagundidwa kumutu, ndipo chomwe chachitika mkati mwa mutu simuchiona ndi maso. Ndalandirapo mnyamata yemwe anagundana mitu ndi mnzake pa mpira wamiyendo, anadzuka, anaseka, anamaliza masewero anthu akumuombera m'manja. Usiku anayamba kusanza. Tinamupulumutsa, koma mwa mwayi. Mu kiriketi momwemo Phillip Hughes wa ku Australia anamwalira mu 2014 mpira utamugunda m'khosi. Ndiye tisamaphunzitse ana kuti kulimba mtima ndi kubisa ululu. Komanso masewero a ku Antigua aja anathera ndani? Analepherana. Anaika moyo pachiswe chifukwa cha masewero omwe sanapindule kanthu.

Mlamu_wa_ku_Joni:
Asisi, sindikuti mwana athyoke chibwano. Ndikunena za mtima.

Namwino_Zomba:
Ndakumvani, koma ana samva "mtima", amaona bandeji.

Aphunzitsi_Dedza:
Anamwino akunena zoona, ndipo choseketsa n'chakuti lamulo lolola kulowetsa wosewera wina m'malo mwa yemwe wagundidwa kumutu linayamba mu 2019, nthawi yomwe wapampando wa komiti ya kiriketi ku ICC, bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse, anali Kumble yemweyo. Anakhala pampandowo kuyambira 2012 mpaka 2021. Ndiye wa bandeji uja atakula anakhala nawo pagome lokonza zoti ena asamachite zomwe iye anachita.

Nyasa_Leicester:
Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti ya usiku. Kuno ku Leicester kuli mabanja ambiri a Amwenye omwe anachokera ku Limbe, Lilongwe ndi m'matauni ang'onoang'ono a kwathu m'zaka za m'ma 1970, ena Chichewa chawo n'chozama kuposa cha ana anga. Mukatchula Kumble pamaso pa madala amenewa konzekani kuchedwa. Anasewerera Leicestershire mu 2000, koma chaka chomwe amasimba kwambiri ndi 1995 ali ku Northamptonshire, pomwe anatenga mawiketi opitirira 100 m'nyengo imodzi, pamabwalo a kuno onyowa ndi ozizira. A Warne mulembenso imeneyo m'buku lanu la "kunja ankalephera".

Chomwe ine chimandisangalatsa ndi cha 2007 ku The Oval. Timu ya India inali ndi Tendulkar, Dravid, Ganguly, Laxman, Dhoni. M'ma Test atatu onsewo palibe mwa akuluakuluwa anafika 100. Anafika ndi Kumble, 110 osatuluka, ali ndi zaka 36, pa Test yake ya nambala 118. Ndipo mpira womufikitsa pa 100 unagunda m'mphepete mwa bati n'kudutsa wogwira kumbuyo, iye ali chogwa pansi kuthawira mumzere. Anadzuka fumbi lili thoo, bati m'mwamba. Ngakhale chisangalalo chake chinabwera mopanda sitayilo.

Warne_Ndi_Mfumu:
Chabwino, pamenepo wamuposa Warne, iye anathera pa 99. Ndavomera imodzi yokha.

Kabaza_Wa_Degree:
Magetsi abwera. Ndaonera. Koma mkuluyu nkhope yake akamaponya ngati hedimasitala wakupeza ukudumpha mpanda.

Virat18_LL:
Mwatchula bwino za uhedimasitala. Nonse mukumutamanda ngati mngelo, koma bwanji anakhala chaka chimodzi chokha ngati kochi wa India? Analowa June 2016, June 2017 watuluka, timu itangogonja kwa Pakistan mu fainolo ya Champions Trophy. Anyamata sankamasuka naye. Kukhala katswiri wosewera si kukhala katswiri wophunzitsa.

Gogo_Wiketi:
Mdzukulu, yang'ana zotsatira za chaka chimenecho. Ma Test 17, kupambana 12, kugonja kamodzi kokha. Anagonjetsa West Indies kwawo, New Zealand, England 4 kwa 0, Bangladesh, Australia. Kochi wolephera amaoneka choncho? Iye mwini polemba kalata yotula pansi udindo ananena kuti anauzidwa zoti kaputeni, Virat Kohli, sakugwirizana ndi kachitidwe kake, ndipo anaona kuti ubalewo sungapitirire. Sanatukwane munthu, sanapite pa wailesi kukaulula za m'chipinda. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo masiku ano tambala wokhala ndi otsatsa malonda ndiye amatsala.

Virat18_LL:
Koma timu inapitiriza kupambana iye atachoka, mpaka kukagonjetsa Australia kwawo. Ndiye vuto silinali Kohli.

Nachisale265:
Mwina panalibe wolakwa. Pali anthu ena abwinobwino awiri omwe sangakhale nyumba imodzi, funsani aliyense amene anakhalapo ndi apongozi.

Mlamu_wa_ku_Joni:
Pa utsogoleri ine sindingamuchotsere. Anapatsidwa ukaputeni wa Test ali ndi zaka 37, mu 2007, ndipo patangopita miyezi iwiri kunabuka chipwirikiti cha ku Sydney, mkangano wa Harbhajan Singh wa India ndi Andrew Symonds wa Australia, kuphatikizapo zigamulo za oyimbira zomwe zinakwiyitsa India yonse. Ulendo unatsala pang'ono kuthera panjira. Iye anayankhula modekha kwa atolankhani kuti timu imodzi yokha ndiyo inasewera mwaulemu wa masewerowa, basi. Test yotsatira ku Perth, komwe alendo amapita kukaphedwa, India inapambana ndi maranzi 72, ndipo wiketi yake ya nambala 600 inali ya Symonds yemweyo.

Ine ndinamuona ndi maso mu 2009, IPL, mpikisano wa makalabu a ku India, itasamukira kuno chifukwa cha zisankho ku India. Ndinapeza ganyu yolondera pageti ku Wanderers tsiku la fainolo, Bangalore ya Kumble ndi Deccan Chargers. Mdala wa zaka 38, wopuma kale ku timu ya dziko, anadzipatsa yekha ova yoyamba n'kugwetsa mitengo ya Adam Gilchrist asanapeze ranzi. Anamaliza ndi 4 kwa 16. Timu yake inagonjabe ndi maranzi 6. Ine ndinaona theka lokha, theka linalo ndinkakangana ndi anthu a matikiti abodza.

Aphunzitsi_Dedza:
Tisaiwale mwini nkhani. Atate a Mada, ine ndiyankhulako ngati mphunzitsi, ndipo ndiwaikira kumbuyo pang'ono anzangawo. Mawu a mleme aja analakwitsa, makamaka pagulu. Koma posankha timu munthu amakhala ndi maola awiri ndi ana 40, ndiye diso limathamangira chooneka: uyu akuthamangitsa, uyu akukhotetsa. Woponya wamtundu wa mwana wanu saoneka pa maola awiri, amaoneka m'buku la zigoli pakatha miyezi. Komanso ana athu ambiri amaphunzirira pa simenti kapena pa mkeka, pomwe mpira sugwira pansi, ndiye ngakhale wokhotetsa bwino amaoneka wamba.

Tisamunamizenso mwana kuti basi ndi Kumble. Kumble mpira wake unkazungulira kwambiri, kungoti unkazungulira chakutsogolo osati cham'mbali. Pali kusiyana pakati pa mpira umenewo ndi mpira wongoponya wopanda kanthu. Muyeseni motere: pakani choko kapena penti theka la mpira, aponye, wina ajambule ndi foni. Ngati mitundu ikusakanikirana m'malere, chala chikugwira ntchito. Ngati mukuona mbali yoyera ndi yofiira bwinobwino, aphunzitsi aja ali ndi mfundo. Chachiwiri, ikani mbale yapulasitiki pansi pomwe mpira uyenera kugwera, aponye 60 tsiku lililonse, muziwerenga ingati yagunda. Woponya wosakhotetsa alibe chobisalira, akaphonya malo amamenyedwa ngati ng'oma ya Gule. Chachitatu, muyambe kulemba mawiketi ake ndi maranzi omwe wapereka pa masewero aliwonse. Chaka chamawa mukapite ndi pepala, osati ndi mkwiyo.

Gogo_Wiketi:
Aphunzitsi mwanena zonse. Ndingowonjeza kuti ku Karnataka komweko, Kumble asanabwere, kunali B.S. Chandrasekhar, yemwe dzanja lake lamanja linapuwala ndi poliyo ali mwana. Dzanja lomwelo ndi lomwe ankaponyera, mwaliwiro ngati Kumble, ndipo anatenga mawiketi 242. Mu 1971 ku The Oval anatenga 6 kwa 38, India n'kupambana koyamba ku England. Akanakumana ndi wosankha wofuna zooneka bwino akanamubweza pageti.

Kumble naye anathera pa bwalo lake lomwe lija la Kotla, pa 2 November 2008, chala cha dzanja lamanzere chitasokedwa. Wiketi yake yomaliza, Mitchell Johnson, anaigwira yekha. Ku Bangalore kuli mphambano ya misewu yotchedwa dzina lake.

Warne_Ndi_Mfumu:
Ine maganizo anga sanasinthe, ndikafuna kusangalala ndimaonera Warne. Koma mwanayo asasiye. Ndipo ngati muli ku Blantyre ndili ndi mipira iwiri yachikopa yomwe ikungokhala, ndilembereni kumbali.

Manoma_Mpaka_Kale:
Jombo zija ndikadali nazo maganizo.

Atate_a_Mada:
Abale, zikomo nonse, sindinayembekezere kuti nkhaniyi ifika ku Antigua. Dzulo madzulo tinaonera limodzi kanema wa ku Delhi katatu, bandulo yonse ya sabata inathera pomwepo. Za choko tayesa m'mawa uno kuseri kwa nyumba, mitundu ikusakanikirana ndithu, ngakhale mlongo wake wojambulayo ankangoseka foni n'kumagwedera. Pa mbale wagunda 17 mwa 60, ndipo mbaleyo yasweka, mayi ake sanadziwebe. A Warne ndakulemberani kumbali za mipira ija.

Anamwino, munalosera. Ndapita kukamuitana kuti adzadye, ndamupeza wakulunga mutu ndi mpango wa Mvano wa mayi ake, kuzungulira chibwano mpaka pamwamba, akuponyera khoma la bafa.

Namwino_Zomba:
Ndinanena ine. Mumuvule msanga mpangowo asanabwere eni ake, apo ayi chibwano chithyokadi.